Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Zomwe sizinalembedwe mu fayilo

Achimwene atawagamula zaka 3 pa mlandu wothyola okala ku Ndirande, ine m'mutu munali chinthu chimodzi: apilo. Ndinkati jaji wa Khoti Lalikulu akangomva zomwe mboni ija inalankhula, awamasula tsiku lomwelo.

Mboniyo, m'malo monena zomwe inaona usiku uja, inaloza achimwene ndi chala n'kuti, “Ameneyu ndi wakuba kalekale, anamangidwapo.” Inde anamangidwapo, ali mnyamata, pa nkhani ya njinga. Koma njinga ija ikukhudzana bwanji ndi okala? Achimwene analibe loya. Anangoweramitsa mutu. Ine kumbuyo kuja ndinangoluma nsonga ya chitenje, poti tinakula tikuuzidwa kuti pamaso pa akuluakulu sudula mawu.

Ndinagulitsa mashini anga osokera kuti ndipeze loya. Chikalata chodziwitsa khoti kuti tikuchita apilo chimayenera kulowa pasanathe masiku 10, ndipo tinakwanitsa mothamanga. Fayilo itatuluka, loyayo anaiwerenga ine ndili pompo, chala chikutsetsereka mzere ndi mzere. Atafika pa mboni ija anavula magalasi.

“Mayi, apa achimwene anu anati chiyani?”

“Sanayankhe kanthu, bwana.”

Anandifotokozera mofatsa. Lamulo salola kuti munthu apezeke wolakwa chifukwa cha mbiri yake yakale. Milandu yam'mbuyo imatchulidwa pambuyo poti wapezeka wolakwa, pokonza chilango. Mpaka apo mtima unakhala pansi. Koma apilo si kuzenga mlandu mwatsopano. Jaji samaona misozi kapena chala cholozacho, amawerenga zomwe majisitireti analemba. Ndipo gawo 5 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni, limati cholakwika sichigwetsa chigamulo pokhapokha ngati chinapotoza chilungamo, komanso khoti limafunsa ngati dandaulolo likanatheka kunenedwa kale mlandu uli mkati.

Kenaka anatsegula tsamba lina, ndipo apa ndi pomwe ndinatuluka thukuta. Podziteteza, achimwene anati, “Ine ndine munthu wopemphera, sindinagwirepo cha mwini.” Ankati akudziyeretsa. Loya anati mawu amenewo ndi amene amatsegulira woimira boma pa mlandu chitseko: ukadzitama ndi khalidwe labwino, iye amaloledwa kubweretsa loipalo.

Ndani amamuuza zimenezi munthu wogulitsa makala? Kunena zoona, mpaka lero zimandiwawa.

Chomwe tinatsala nacho, anatero loya, n'chakuti mboni inayamba kunyoza achimwene asanadzitame, ndiponso munthu wopanda loya amayenera kutetezedwa ndi khoti lomwe. Anati tiyesa pamenepo, koma sanalonjeze.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Chichiri, nsima ndi usipa zili m'kontena. Khoti Lalikulu ndi ndende n'zoyandikana, mtunda wongoyenda wapansi. Achimwene atandiona anamwetulira n'kufunsa, “Achemwali, loya akuti nditulukatu liti?”

Ndinawapatsira kontena.