Mayeso a pakamwa a PhD ku Berkeley

Ku University of California, Berkeley, komwe ndikuchita PhD, munthu sayamba kulemba thesis, buku la kafukufuku wake, akangolandiridwa. Zaka zoyambirira umakhala m'kalasi ngati wina aliyense, kenako umayenera kukhoza mayeso a pakamwa omwe kuno amangoti quals. Ukakhoza m'pamene amakulemba kuti ndiwe candidate, ndipo chomwe chimatsala ndi kafukufuku basi. Anzathu amene akuphunzira ku Britain ayenda njira ina: mayeso awo aakulu a pakamwa, viva, amabwera kumapeto, thesis italembedwa kale. Kuno amafuna kukuyesa usanayambe ntchitoyo.

Malamulo ake si ovuta kuwamva. Komiti imakhala ya aphunzitsi osachepera anayi, ndipo mmodzi mwa iwo amaimira Academic Senate, bungwe la aphunzitsi a yunivesiteyi, kuti aone ngati mayeso ayenda mwachilungamo. Mphunzitsi amene adzayang'anire thesis yako saloledwa kukhala wapampando wa komitiyi. Poyamba lamuloli lidandidabwitsa, koma ndi lanzeru: munthu amene wakhala akukulera m'maphunziro angakumvere chisoni, kapena angamateteze maganizo ake omwe ali mwa iwe. Umafunsidwa pa mbali zitatu za maphunziro ako zomwe mudagwirizana ndi komiti, avareji ya magiredi ako isakhale pansi pa 3.0 pa sikelo yofika 4.0, ndipo ngati dipatimenti yako imafuna chiyankhulo china, uyenera kukhala utathana nacho kale. Mayesowo amatenga maola awiri kapena atatu.

Ukhoza kukhoza zonse, kulephera mbali ina, kapena kulepheratu. Komiti ikalola, umabwereza pakadutsa miyezi yosachepera itatu. Mwayi wachitatu palibe.

Koma chomwe chandivuta kwambiri pokonzekera si kuchuluka kwa mabuku. Ambirife tidakulira m'sukulu momwe mwana wanzeru anali woloweza, wolemba ndendende zomwe aphunzitsi adalemba pabolodi, ndipo MSCE idatipatsa mphotho chifukwa cha zimenezo. Tidaleredwanso kuti wamkulu akamayankhula umayang'ana pansi, n'kuvomera kuti "inde bambo". Khalidwe limeneli ndi labwino ndipo sindikulinyoza, koma m'chipinda cha quals limakugwetsa. Pulofesa amatha kunena dala chinthu chomwe akudziwa kuti chili ndi mabowo, kuti aone ngati uchigwira. Ukangogwedeza mutu mwaulemu, iye amaona ngati sunawerenge, kapena ngati ulibe maganizo akoako. Chomwe komiti ikufuna kuona n'chakuti munthuyu angathe kukhala nawo pansi n'kukambirana ngati mnzawo, kutsutsa pomwe pakufunika, ndi kusintha maganizo akamva mfundo yomuposa.

Ndiye kukonzekera kwanga kwasintha. Kuwerenga ndekha chamumtima ndachepetsa. Tsopano ndimaitana anzanga amene adadutsa kale m'mayesowa kuti andipanikize ndi mafunso, ine nditaimirira pabolodi. Iwowa sachita chifundo. Amandidula mawu pakati, amandibweza ku zomwe ndanena poyamba, amafunsa "chifukwa chiyani" mpaka nditafika pomwe nzeru zanga zathera. Ndazindikira kuti aliyense amafika pamenepo, ngakhale amene amakhoza bwino kwambiri, chifukwa komiti imakumba dala mpaka ipeze malire ako. Ukafika pamenepo, kupeka yankho ndiye choipitsitsa, pakuti ofunsawo ndi eni ake a nkhaniyo. Chabwino n'kuvomera kuti yankho ulibe, kenako n'kuganiza mokweza mawu: ndikanayambira apa, ndikanayesa njira iyi, ndipo ndikuyembekeza kuti chingatuluke n'chakuti. Kuyankhula kotere m'Chingerezi, mtima ukugunda, maso a anthu anayi kapena asanu ali pa iwe, n'luso lofunika kulizolowera, silibwera lokha.

Ndapitanso kukacheza ndi membala aliyense wa komiti payekha mu ofesi mwake. Sakuuza mafunso, koma ukamamvetsera umadziwa mabuku omwe amawalemekeza ndi mikangano yomwe imamusangalatsa.

Pali nkhaninso ya ndalama, yomwe ife ochokera kunja sitingailambalale. Wophunzira amene si nzika ya California amalipiritsidwa fizi yoonjezera yoposa madola 15,000 pachaka, ndipo wochokera dziko lina wokhala pa viza ya sukulu sangasanduke nzika ya California kuti aithawe. Nthawi zambiri amalipira ndi dipatimenti kapena mphunzitsi wako kuchokera m'thumba la kafukufuku. Ukangokhala candidate, fizi imeneyi amaichotsa kwa zaka zitatu. N'chifukwa chake madipatimenti amatikankha kuti tisazengereze. Koma zaka zitatuzo zikatha thesis isanathe, fiziyo imabwerera, choncho amene kafukufuku wake akufuna kudikira nyengo ya dzinja kumudzi, kapena chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ku Malawi, ayenera kuwerengera bwino nthawi asanasankhe tsiku la mayeso.