Siteshoni ya Goathland inathawa chitunda

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Kwa masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi ntchito ya m'kalasi yolemba mbiri ya siteshoni ya Goathland, ija ya pa njanji ya North Yorkshire Moors Railway ku England, ndipo chinthu chimodzi chimandizunguza mutu. Njanji ya pakati pa Whitby ndi Pickering inatsegulidwa mu 1836, koma siteshoni imene anthu amatsikirapo lero ndi ya 1865. Zaka 29 zonsezo anthu a m'mudzimo ankakwerera pati?

Ine ndinkangoti anagwetsa nyumba yakale n'kumanga ina pamalo omwewo. Ayi ndithu. Chinasuntha ndi njanji yeniyeniyo, siteshoni n'kungolondola pambuyo.

Za kutsekedwa kwa njanjiyi mu 1965, potsatira lipoti la Beeching, mkulu wa njanji za ku Britain nthawi imeneyo, sindizifotokoza pano. Nkhani ili pa chitunda cha Beck Hole. Injiniya George Stephenson anakonza njanjiyi kuti ngolo zake zizikokedwa ndi mahatchi, koma pofika pa Beck Hole mtunda unali wopitirira mphamvu ya hatchi, pafupifupi 1 pa 15, kutanthauza kukwera mita imodzi pa mamita 15 alionse. Ndiye ankamangirira ngolo pa chingwe. Poyamba chinkakoka ndi thanki ya madzi yokhala pa mawilo: akaidzaza pamwamba, iyo ikamatsika ndi kulemera kwake ngolo zija zinkakwera. Kenako anaika injini ya nthunzi yongokhala malo amodzi pamwamba pa chitundacho. Siteshoni yoyamba ya Goathland inali pamenepo, pomwe chingwe chinkathera.

Mu February 1864 chingwe chinaduka, ngolo zinathamangira kumunsi ndipo anthu awiri anamwalira. Chaka chotsatira kampani ya North Eastern Railway inatsegula njanji ina yolambalala chitundacho, yokwera pang'onopang'ono, 1 pa 49, moti sitima inkatha kukwera yokha. Pa njanji yatsopanoyi ndi pomwe anamanga siteshoni ya lero, poyamba ikutchedwa Goathland Mill.

Mukuona? Malo a siteshoni sanasankhidwe ndi mudzi. Anasankhidwa ndi kupendekeka kwa nthaka ndi mphamvu ya chokokera ngolo. Mphamvuyo itasintha, siteshoni nayo inasintha malo. Ndabwereza mfundo imeneyi kangapo lero chifukwa nditangoigwira, madeti onse amene ndinkaloweza pamtima analumikizana okha.

Chinanditsegula maso si buku. Ndinatenga mapu akale a Ordnance Survey, bungwe lojambula mapu ku Britain, n'kuwayala pambali pa mapu a lero, ndipo mizere iwiri ija inaonekeratu, wina wolunjika chitunda, wina wokhota. Loweruka ndinakayenda wapansi kuchokera ku Goathland kutsikira ku Beck Hole, poti njanji yakale ija tsopano ndi njira ya oyenda pansi. Pobwerera, mawondo anandiuza zimene hatchi inkakana. Kwa ine palibe njira ina yophunzirira mbiri ya malo yoposa imeneyi: mapu awiri ndi miyendo. Ndikanakhala woyendetsa maphunzirowa, sabata yoyamba aliyense akanayamba ndi mapu, mabuku pambuyo.

Chondiwawa n'choti aphunzitsi athu anatha maola awiri akufotokoza mayina a makampani amene ankagulana njanjiyi, za George Hudson, mkulu wa imodzi mwa makampaniwo, ndi zina, koma za chitunda anangozitchula mongodutsa. Nditafunsa anati tidzabwererako. Sitinabwerereko. Sindikuwada, nawonso nthawi imawachepera, koma ine ndimagwira ntchito usiku, ndipo masabata atatu amenewa ndinawagula ndi tulo tanga.

Patsala chigawo chomaliza, ndipo apa ndaima. Anthu odzipereka anatsegulanso njanjiyi mu 1973, ndipo siteshoni anaikonza kuti izioneka ngati mmene inalili mu 1922. Ntchito yawo ndimailemekeza kwambiri. Popanda iwo bwenzi pamenepo pali tchire. Koma mlendo akaima papulatifomu paja, akuona chaka chimodzi chosankhidwa, ndipo mahatchi, chingwe ndi anthu awiri aja sakuwaona. Kodi kusunga malo mwa njira imeneyi n'kusunga mbiri yake, kapena n'kusankha mbali imene tikufuna kuikumbukira? Dzulo ndinkati ndi choyambacho. Lero ndalemba ndime yonena chachiwiricho, ndaifufuta, ndailembanso, ndipo ntchitoyi ikufunika Lachisanu.