Kugunda kwa "You Win Again" kwatuluka tsopano

Anzanga ojambulira m'zipinda, ng'oma ija yatheka. Mukudziwa kuti chiyambireni kujambulanso "You Win Again" ya Bee Gees, makiyibodi ndinamaliza kalekale, besi inakhala pamalo pake, koma kugunda kwa poyambira kuja kunkandikana. Usiku wapitawu ndinaimvera pa kasipika kanga ka Bluetooth, kaja kosabisa kanthu, ndipo kugundako kunafika mpaka pachifuwa.

Ena munandifunsa kuti bwanji ndikuvutika ndi nyimbo ya 1987 pamene za gululi zotchuka kwambiri zilipo. Ine ndi nyimbo imeneyi imene ndimawalemekezera abale atatuwa. Disco itayamba kunyozedwa ku America mu 1979, mawayilesi a kumeneko anawatembenukira, ndipo chimbale chawo cha Living Eyes cha mu 1981 sichinayende. Barry, Robin ndi Maurice Gibb anangobwerera kuseri n'kumalembera anzawo. "Heartbreaker" ya Dionne Warwick ndi yawo, "Chain Reaction" ya Diana Ross ndi yawo, ndipo "Islands in the Stream" ya Kenny Rogers ndi Dolly Parton, imene makolo athu kuno amaikonda mpaka lero, analemba ndi iwowa. Patadutsa zaka 6 opanda chimbale chatsopano, anatulutsa chimbale cha E.S.P., momwe muli nyimboyi, atabwererana ndi Arif Mardin amene anawajambula pa chimbale cha Main Course mu 1975. "You Win Again" inakhala pa nambala 1 ku Britain kwa milungu 4, ndipo anakhala gulu loyamba kufika pamwamba kumeneko m'zaka za m'ma 1960, 1970 ndi 1980. Ku America inangofika pa 75, makutu anali akadali otseka.

Chimene chinandikoka ndi nkhani imene Maurice anafotokoza pambuyo pake, yoti nyimboyi inayambira m'galaja mwake, momwe anajambula kuponda kwa mapazi ndi maphokoso ena, ng'oma yeniyeni inali imodzi yokha. Anthu anawauza kuti kugundako achotse kapena atsitse, iwo anakana. Ndipo ndi komweko kumene kumakudziwitsa nyimboyi munthu asanatsegule pakamwa.

Poyamba ndinayesa ma sample, timaphokoso tojambulidwa kale, mu pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio. Kiki wa makina a ng'oma a LinnDrum, wa 808, kuwasanjikiza, kuwatsitsa pitch, zonse zinkatuluka zoyera kwambiri, zopanda fumbi. Kugunda kwa m'nyimbo ija kumamveka ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, musi wina ukukwera wina ukutsika, ndipo sample siingakupatseni kulemera kumeneko. Ndiye ndinati nanenso ndiponde. Pa simenti sipatuluka kanthu, umangomva "phwa" basi. Ndinatenga chitseko chakale cha mlombwa chimene chinali kuseri kwa nyumba, n'kuchigoneka pa njerwa m'makona kuti pansi pakhale mpata, ndinavala jombo, n'kumaponda motsatira click, kaphokoso kosunga liwiro la nyimbo, m'mahedifoni. Maikolofoni ya dynamic ndinailowetsa pansi pa chitsekocho, ya condenser ndinaiika m'kolido, mamita awiri kuchoka pamenepo, kuti igwire kulira kwa nyumba. Posakaniza, mawu a maikolofoni ina ndinawakankhira ku khutu la kumanzere, a inayo kumanja.

M'mahedifoni zinali zokoma kwabasi. Pa kasipika, kugunda kuja kunkasowa, kunkangotsala kaphokoso ka pamwamba ka jombo kukhudza thabwa. Apa ndi pamene masiku anathera. Ndinakweza mawu a pansi ndi EQ cha pa 80 Hz, sizinasinthe, m'malo mwake mahedifoni anayamba kunjenjemera pamene sipika ili phee. Ndinaika compressor, ndinaichotsa. Ndinakayikira sipikayo, ndinabwereka ya mnansi wanga, chimodzimodzi. Pa foni, chimodzimodzi. Chinandizindikiritsa ndi batani la mono pa master, lophatikiza mawu a kumanzere ndi a kumanja: kungolidina, kugunda kunkafa pompo ngakhale m'mahedifoni momwe.

Vuto linali phase, kusemphana kwa mafunde a phokoso a maikolofoni awiriwa. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndiye kuti mita iliyonse limachedwa ndi ma millisecond atatu. Maikolofoni ya m'kolido inkamva kuponda mochedwa ndi ma millisecond pafupifupi 6. Mukawerengera, kuchedwa kumeneku ndi theka la funde la cha pa 85 Hz, malo enieni amene pamakhala mnofu wa kugundako. Khutu lililonse likamamva yake sizidziwika, koma ziwirizi zikaphatikizidwa mu mono, ina ikukankha ina ikukoka, zimadyana. N'chifukwa chake EQ sinkathandiza, ndinkangokweza mbali zonse ziwiri za ndewu. Kutembenuza polarity, ndiko kuzondotsa funde la maikolofoni imodzi, kunabweza pansi paja pang'ono koma kunabowola pena. Chimene chinagwira ntchito ndi kukulitsa ma waveform mpaka kuona mutu woyamba wa funde lililonse, n'kukoka track ya m'kolido kubwerera m'mbuyo mpaka mitu iwiriyo itagundana. Kenako ndinadula zonse za pansi pa 150 Hz pa maikolofoni ya m'kolidoyo, kuti zolemera zizichokera pansi pa chitseko pokha ndipo zikhale pakati. Pamwamba pake ndinaika gated reverb yaifupi, kulira kwa chipinda kodulidwa mwadzidzidzi, ija anaitchukitsa Phil Collins ndi Hugh Padgham kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndi sineya imodzi youma. Amene mumajambula ng'oma zathu ndi maikolofoni awiri, dinani mono musanatumize nyimbo kwa wina aliyense, poti ambiri adzaimvera pa foni kapena m'minibasi.

Pakati pa chipwirikiti chonsechi ndinapitanso ndi ma cable kwa mkulu wina wokonza zida za magetsi ku Limbe, poganiza kuti mwina cable ya XLR ina anaiwotcherera mosemphana mawaya. Anayeza zonse ndi mita, zinali bwinobwino, ndipo sanandilipiritse. Bamboyu ndimamukhulupirira chifukwa sabisa mawu: ukamubweretsera maikolofoni ya SM58 yachinyengo, amaitsegula n'kukuonetsa m'kati kuti uone wekha kusiyana kwake. Zinthu zikuluzikulu monga interface msuwani wanga amanditumizira pa basi kuchokera ku Johannesburg, koma mawaya, ma jack ndi ma adaputa sindigulanso kwina. Ndi iyeyu anandikonzera mixer ija ndinajambulira kwaya ya kwathu chaka chatha, imene inkalira ng'ung'ung'u chifukwa cha earth.

Tsopano kwatsala mawu, ndipo apa mpamene ndikuona kuti ntchito ikadalipo. Ambiri akamva Bee Gees amaganiza za mawu aang'ono aja a nthawi ya filimu ya Saturday Night Fever, koma m'nyimbo iyi Barry akutsogolera ndi mawu ake a m'chifuwa, Robin ndi Maurice akumuphimba kumbuyo. Ine ndikuona kuti ichi n'chimodzi mwa zimene zinawabwezera ulemu: anali anthu a zaka pafupifupi 40, ndipo anaimba monga a msinkhu wawo. Ndinayesa kuimba ndekha magawo onse atatu, koma mawu a munthu mmodzi ukawasanjikiza amanenepa osatambasuka, amakhala phala. Awo anali a bere limodzi, Robin ndi Maurice mapasa, mawu ofanana mtundu koma aliyense ndi kunjenjemera kwake, makamaka Robin. Zimenezi plugin siipanga. Ndapempha anyamata awiri a kwaya yathu, watenala ndi wabesi, kuti tidzaime mozungulira maikolofoni imodzi m'malo mojambula aliyense payekha, kuti kusakanikirana kuchitikire m'chipinda momwe. Wabesiyo amazolowera kuimba mokweza ngati ali pamaliro, ndiye adzaima chapatali ndithu.

Mumvetsere nyimboyi podziwa kuti Maurice anamwalira mu 2003 ndipo Robin mu 2012, mudzamva kuti mawu a kumbuyo aja si okongoletsa chabe. Ine ndikafika pa kolasi ndimatsitsa zida zonse n'kumvera iwo okha.

Mawu akatheka ndikufuna ndibwereke holo ya tchalitchi tsiku lina mkati mwa sabata, ndisonkhanitse anyamata ambiri ovala jombo pa mabenchi a matabwa, tijambule kuponda kwathu kuti tikhale ndi sample pack yathuyathu. Ndikuganizanso zoika kugunda kumeneku pansi pa manganje m'nyimbo yanga ina imene yakhala mu laputopu nthawi yaitali, ndipo mphamvu zikakhalapo ndidzalowa mu E.S.P. yonse, nyimbo ndi nyimbo. Amene ali ndi condenser yachiwiri yoti angandibwereke pa tsiku la kuholo andiuze.