BCG imagwira ntchito zingati m'thupi la khanda?

Mutu omwe ndakhala ndikulimbana nawo pokonzekera mayeso ndi wa katemera wa BCG, uja amabaya khanda likangobadwa n'kusiya kachipsera pamkono kumtundaku. M'manotsi athu nkhani yake ndi yaifupi, amangoti ndi katemera wa chifuwa chachikulu, mlingo wake 0.05 ml, amabaya m'kati mwa khungu osati m'mnofu, amateteza mwana ku TB yoopsa ija yolowa mu ubongo kapena yofalikira thupi lonse, basi. Koma nditayamba kuwerenga kupitilira manotsiwo ndapeza kuti pali mkangano wawukulu wa zaka zambiri, woti kodi katemera ameneyu amatetezanso ku matenda ena osakhudzana ndi TB olo pang'ono, monga chibayo ndi matenda ena a m'chifuwa.

Choyamba katemerayu ndi wamoyo. Albert Calmette ndi Camille Guérin ku Lille, France, anatenga kachilombo ka TB ya ng'ombe n'kumakasamutsa mobwerezabwereza pa mbatata yothira ndulu ya ng'ombe, maulendo 230 kwa zaka 13, mpaka kanafooka, ndipo mu 1921 anapatsa khanda loyamba ku Paris. Ndiye chomwe amabaya mwana uja ndi kachilombo kofooka koma kamoyo, kamakhala pamkonopo kwa masabata thupi likulimbana nako, nchifukwa chake pamatuluka kachilonda kaja azimayi ena amada nako nkhawa n'kumafuna kupakapo mankhwala pomwe pamafunika kungopasiya.

Anthu anayamba kale kale kukayikira kuti pali china. Dokotala wina ku Sweden, Carl Näslund, cha m'ma 1930 anaona kuti ana olandira BCG amamwalira ochepa kuposa momwe TB yokha ikanafotokozera. Koma omwe anaikoka nkhaniyi mwamphamvu ndi a Peter Aaby ndi a Christine Stabell Benn a Bandim Health Project ku Guinea-Bissau. Kumeneko ana obadwa ndi sikelo yotsika ankachedwetsedwa kulandira BCG mpaka anenepe kaye, ndiye iwo anachita kafukufuku, ena kuwabaya pompo ena kudikira monga mwa nthawi zonse. Ataphatikiza makafukufuku atatu anapeza kuti imfa za m'mwezi woyamba zinatsika ndi 38 peresenti kwa obayidwa msanga aja. Taganizani, m'mwezi woyamba kawirikawiri khanda silifa ndi TB ayi, limafa ndi matenda a m'magazi, chibayo, zoterozo, ndiye chomwe chinawapulumutsa si chitetezo cha TB. Ku Entebbe, Uganda, anachitanso zofanana ndi makanda 560, zotsatira zinatuluka mu 2021, obayidwa tsiku lobadwa anadwala matenda ena mocheperako ndi pafupifupi kota m'masabata sikisi oyamba kusiyana ndi omwe anadikira.

Gawo lomwe landisangalatsa kwambiri ndi la momwe zimachitikira. Ife tinaphunzitsidwa kuti chitetezo chathupi chili pawiri, chobadwa nacho chomwe chimangomenya chilichonse koma sichikumbuka, ndi china chophunzira chomwe chimasunga nkhope ya mdani mmodzi mmodzi. A Mihai Netea ndi anzawo ku Nijmegen, Netherlands, anaonetsa mu 2012 kuti chobadwa nacho chija nachonso chimakumbuka mwa njira yake, anatcha trained immunity. Anatenga magazi a anthu asanabayidwe BCG ndi atabayidwa, ma monocyte, omwe ndi asilikali a m'magazi a chitetezo chobadwa nacho chija, atawaonetsa tizilombo tina tosiyana ndi TB anayankha mwamphamvu kuposa kale, patapita miyezi itatu. DNA yake sinasinthe, chomwe chinasintha ndi mmene yapindidwira, malo omwe pali malangizo omenyera nkhondo anatsala otsegula ndiye selo sichedwa kuwawerenga. Zili ngati galu wapakhomo yemwe anathamangitsapo wakuba kamodzi, kuyambira pamenepo olo fisi olo mlendo angodutsa kuseri amadzuka msanga. Funso lomwe ndinali nalo ndi loti ma monocyte amakhala masiku ochepa chabe m'magazi, nanga kukumbukako kukhala bwanji miyezi? Yankho lake lili m'mafupa, kusinthako kumafika ku maselo a m'mafuta a m'fupa omwe amabala asilikali atsopano, ndiye obadwa kumenewo amabwera ali okonzeka kale.

Koma apa ndi pomwe munthu ufunika kudekha, chifukwa ukangowerenga za Bissau zokha utha kuyamba kulalikira kuti BCG ndi mankhwala a chilichonse. Ku Denmark anabaya makanda opitilira 4,000 mu kafukufuku wofananira ndipo sanaone kusiyana pa kugonekedwa m'chipatala. Nthawi ya Covid-19 anthu ambiri pa intaneti amati maiko obaya BCG ngati athu ano akutetezedwa, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu April 2020 inachita kunena kuti palibe umboni ndipo katemerayu asalandidwe kwa makanda. Kafukufuku wamkulu wa BRACE, wotsogoleredwa kuchokera ku Melbourne, anayesa pa ogwira ntchito m'zipatala pafupifupi 4,000 ku Australia, Brazil, Spain, Netherlands ndi UK, zotsatira mu 2023 zinati BCG sinawateteze ku Covid. Koma ku Greece kafukufuku wocheperako wa okalamba ongotuluka m'chipatala anaonetsa matenda a m'chifuwa akuchepa.

Ndipo chimodzi mwa maumboni olemera kwambiri pa nkhaniyi chinachokera kwathu konkuno, ku Karonga, zomwe ndikuona kuti aliyense wophunzira zaumoyo m'Malawi amayenera kuzidziwa. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu opitilira 120,000 analowa mu kafukufuku wa BCG kumeneko. Zotsatira za 1996 zinaonetsa kuti kubaya BCG kachiwiri kumachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma TB ya m'mapapo ayi sikuteteza. Katemera wa TB kugwira bwino pa khate kuposa pa TB yeniyeniyo! Atawatsatira anthu omwewo kwa zaka 30, mu 2021 ananena kuti BCG yachiwiri ija sinachepetse imfa kwa ana okulirapo ndi akuluakulu.

Ndiye mmene ndikuzionera ine, ukaziika pamodzi zonsezi, phindu lowonjezeralo likuoneka lenileni kwa makanda, m'masabata oyambirira, makamaka kumalo komwe matenda opatsirana ndi ambiri. Kwa akuluakulu umboni ndi wofooka, pena palibiretu. Zimenezi zikusintha mmene ndimaonera tsiku lobayira. Ngati BCG ikanakhala ya TB yokha, kuchedwa ndi mwezi umodzi sikukanadetsa nkhawa kwambiri. Koma ngati imathandiza khanda kupyola masiku 28 oyamba aja omwe timataya ana ambiri, kuchedwa kulikonse ndi kutaya nthawi yomwe katemerayo amafunikira kwambiri.

Apa ndi pomwe nkhani ya kabotolo ikundivutitsa mumtima. Kabotolo kamodzi ka BCG kamakhala ndi milingo 20, ndipo ukasungunula uyenera kutaya zotsala pakatha maola sikisi. Ndiye pa chipatala chaching'ono pomwe pabadwa ana awiri kapena atatu patsiku, wazaumoyo amaganiza kawiri asanatsegule, amauza mayi kuti mubwere tsiku la sikelo ana akachuluka, mayi uja kwawo ndi kutali, mvula, mtsinje wadzaza, amadzabwera mwana ali ndi masabata sikisi. Sindikumuda wazaumoyoyo, iye akuopa kufunsidwa za katemera wowonongeka komanso kuti mwezi usanathe stoko itha. Koma a ku Bandim akhala akunena kuti kuli bwino kutsegula kabotolo olo pali mwana mmodzi, popeza BCG ndi imodzi mwa akatemera otchipa kwambiri, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Ndikabwerera ku wodi ya amayi ndikufuna ndikapemphe kaundula ndione tsiku lobadwa ndi tsiku la BCG la mwana aliyense, makamaka aja a sikelo yotsika omwe amakhala pa kangaroo, kufungatiridwa pachifuwa pa mayi awo, kuti ndidziwe amadikira masiku angati.