Lipoti la ulendo wa ku Salima: zomwe tinakaphunzira pa zida zamagetsi za pa shedi

Kwa mamembala onse a gulu lathu la akalipentala ndi owotcherera zitsulo kuno ku Nkhotakota, makamaka inu amene simunathe kupita nawo.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa dzuwa lisanaswe mtengo, pa minibasi imodzi, kutsata msewu wa M5 kudzera pa Chia ndi pa Benga, mtunda wopitirira makilomita 100. Anzathu a ku Salima anatilandirira pa shedi ina yaikulu cha ku Kamuzu Road, yomwe mbali imodzi amapala matabwa, mbali inayo amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Pangano linali lakuti aliyense atenge chida chimodzi chomwe amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, mmene chililimo, osachikonza kapena kuchipukuta. Titamwa tiyi, zonse zinayalidwa pa benchi, ndipo bambo wachikulire amene amakulunga mawaya a mamota pa shediyo anayamba kuziona chimodzichimodzi. Palibe chomwe anachiyatsa. Ankayamba ndi pulagi, n'kutsata chingwe ndi zala mpaka pamene chalowera m'chida, kenako n'kununkhiza pa timabowo ta mpweya. Mota yomwe yayamba kupsa imamveka fungo la vanishi wowauka ngakhale ikadazungulirabe.

Nthawi yambiri tinathera pa girayinda, ndipo ndiyenera kukhalitsapo, chifukwa ndi chida chomwe chapundula amisiri ambiri.

Magirayinda angapo amene tinabweretsa analibe gadi, chitsulo chotchinga theka la disiki chija. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa: munthu amafuna kuika disiki yaikulu pa girayinda yaing'ono kuti adule paipi kamodzi n'kamodzi. Tamverani manambala ake. Girayinda yaing'ono ya disiki ya mamilimita 115 imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi. Disiki ya 115 inapangidwa kuti ipirire mpaka ka 13,300. Ya 180 malire ake ndi ka 8,500, ya 230 ndi ka 6,600 basi. Mukaika ya 230 pa girayinda yaing'ono ndiye kuti mwaipitiriza malire ake kutali, ndipo ikasweka zidutswa zimauluka ngati zipolopolo molunjika kumaso, pakhosi kapena pamimba. Nambalayi imalembedwa pa disiki iliyonse, ya girayinda ili pa kachikwangwani ka pambali pake. Ya pa disiki iyenera kufanana kapena kuposa ya pa makina, osati kucheperapo.

Ambirife sitinkadziwa kuti madisiki amatha nthawi ngati mankhwala. Pa kamphete kachitsulo ka pakati pamadindidwa mwezi ndi chaka, nthawi zambiri zaka 3 kuchokera pamene inapangidwa. Ulimbo umene umamata mchenga wa disiki umafooka ukakalamba, ndipo umafooka msanga ukamwa chinyezi. Apa ndi pamene ife a kunyanja tiyenera kutchera khutu. Disiki yogona pansi pa simenti m'shedi yodontha nyengo yonse ya dzinja, kapena yopachikidwa pa msomali pomwe mwera ukuwomba ndi chinyontho chake, sikhalanso yolimba ngakhale ikuoneka yatsopano. Anzathuwa amasunga awo m'chitini chotsekeka, atagonekedwa chafulati, pamwamba pa shelefu.

Anatiyalira madisiki awiri pa chikhatho kuti tione kusiyana. Yodulira ndi yopyapyala, milimita 1 mpaka 3. Yopalira ndi yochindikala, pafupifupi mamilimita 6. Yodulira imagwira ntchito ndi m'mphepete mokha, yoimirira bwino pa chitsulo, osaipotokola m'kati mwa mpata. Kuigoneka kuti musalazire pomwe mwawotcherera kumadya ulusi umene umaigwira m'mbali, ndiye imathyoka. Yopalira muipendeketse madigiri 15 mpaka 30. Nati yomangira nayo ili ndi mbali ziwiri: pa disiki yochindikala kamlomo kotukuka kamalowa m'bowo la disiki, pa yopyapyala mumaitembenuza kuti mbali yafulati ndiyo ipane. Mukasokoneza, disiki yopyapyala imakhala yogwedera ngakhale mwamanga ndi mphamvu zonse. Mangani ndi sipanala yake ya mano awiri, osati kukhoma ndi tchizulo. Mukatha, iyatseni kwa mphindi imodzi osadula kanthu, mutailozetsa komwe kulibe munthu. Ikamanjenjemera zimitsani.

Chinthu chimodzi chomwe onse a ku Salima anakana mogwirizana, ndipo ine ndikuvomerezana nawo kotheratu, ndi kumanga sowo ya mano pa girayinda kuti muchekere matabwa. Mano akangokodwa pa mfundo ya mlombwa, makina onse amadumpha kubwerera kwa mwini wake, ndipo palibe dzanja lomwe lingawagwire pa liwiro limenelo.

Titachoka pa madisiki tinalowa nkhani ya zingwe. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi m'mashedi athu ndi a mavoti 230. Kuti mudziwe mphamvu yomwe chida chikukoka, gawani mawati ake ndi 230. Girayinda yaikulu ya mawati 2,000 imakoka pafupifupi maampu 9, ndipo poyamba kuzungulira imakoka kuposa pamenepo. Kachingwe kopyapyala ka 0.75 (nambalayi ndi kunenepa kwa waya wa m'kati, m'masikweya milimita) kamene timagula pamsika kamangokwanitsa maampu 6. Mukakakoka mamita 50 kuchokera pa nyumba ya neba, mavoti pafupifupi 25 kapena kuposerapo amatayika m'njira, n'kusanduka kutentha m'chingwemo. Pa mtunda womwewo chingwe cha 1.5 chimataya mavoti pafupifupi 13, cha 2.5 pafupifupi 8. Choncho pa ntchito yakutali gulani cha 2.5 cha mawaya atatu, ngakhale n'chodula. Ndipo chitambasuleni chonse. Chingwe chokulungidwa pa gudumu chimasunga kutentha m'kati mpaka pulasitiki kusungunuka, kunja kukuoneka bwinobwino.

Magetsi akafooka, monga zimachitikira madzulo kapena pa shedi ya kumapeto kwa laini, girayinda imachita ulesi. Mmisiri amaikanikiza kwambiri kuti idule. Ikamazungulira pang'onopang'ono kafani ka m'kati sikakokanso mpweya wokwanira, pamene mawaya akutentha kwambiri, ndiye amecha, chozungulira cha mawaya cha m'kati mwa mota, imapsa. Mota yaikulu ya makina opalira matabwa imangong'ung'udza osanyamuka. Mukamva kung'ung'udza kumeneko zimitsani pomwepo, masekondi ochepa amakwana kuotcha mawaya ake. Bambo wokulunga mamota uja anati ntchito yambiri imene amalandira imachokera pamenepa.

Panachitika chinthu china chomwe sichinali pa ndondomeko. Magetsi anathima tili m'kati mwa phunziro. Mnyamata wa pa shediyo, asanauzidwe ndi munthu, anayenda benchi ndi benchi kuzimitsa maswichi ndi kuzula mapulagi onse pakhoma. Ndi lamulo lawo. Magirayinda ambiri ali ndi swichi yokhala pomwe mwaisiya. Magetsi akathima muli m'kati modula, mumaiika pansi mwaiwala kuti ndi yoyatsa, ndipo akabwerera, mwina patapita maola, imadzuka yokha n'kuyamba kuthamanga pansi pakati pa miyendo ya anthu. Kwathu kuno magetsi amathima kawirikawiri, ana amalowa m'mashedi kudzatola utuchi, choncho lamuloli tilitenge lero lomwe.

Poti magetsi kunalibe, tinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumasula mapulagi. Waya wa bulauni, kapena wofiira pa zingwe zakale, ndi wamoto ndipo umapita ku mwendo wa fyuzi. Wa buluu, kapena wakuda, ndi neutral, wobwezera magetsi. Wobiriwira wosakaniza ndi chikasu ndi earth, wopititsa pansi magetsi othawa, umapita ku mwendo wautali wa pamwamba, ndipo muusiye wotalikirapo kuti chingwe chikakokedwa ukhale womaliza kuzuka. Kopanira ka m'pulagi kagwire khungu lakunja la chingwe, osati timawaya ta m'kati. M'mapulagi ena athu munapezeka msomali kapena pepala lonyezimira la ndudu m'malo mwa fyuzi. Zida zina zinalibiretu pulagi, mawaya amangolowetsedwa mu soketi ndi timitengo ta machesi. Fyuzi ya maampu 13 ndi yotchipa kuposa disiki imodzi. Koma dziwani kuti fyuzi imateteza chingwe kuti chisapse, siteteza munthu. Mphamvu yokwana kuimitsa mtima ndi yochepa kwambiri moti fyuzi siiona n'komwe. Choteteza munthu ndi kachipangizo kotchedwa RCD ka mamiliampu 30 (30 mA), kamene kamadula magetsi msangamsanga akayamba kudutsa m'thupi kupita pansi. Kali ndi batani loyesera, ndipo anzathuwa amalidina m'mawa uliwonse asanayambe ntchito. Chida chomwe chili ndi chizindikiro cha kabokosi m'kati mwa kabokosi kanzake sichifuna earth, chinakutidwa kawiri. Cha thupi lachitsulo chopanda chizindikirocho chimafuna earth ndithu, makamaka kwa ife amene timagwira ntchito pa mchenga wonyowa pokonza maboti ku gombe.

Za jenereta sanachulukitse mawu. Iyatseni isanalumikizidwe ku chida, ikhazikike, kenako pulagani. Ikhale yoposa chida chanu kawiri kapena kuposerapo chifukwa cha kukoka kwa poyambira. Ikhale panja, popeza utsi wake umapha mwakachetechete m'chipinda chotseka, ndipo chigubu cha petulo chikhale kutali ndi komwe kukuthethekera moto wa girayinda.

Masana, titadya nsima ya chambo, tinamasula girayinda imodzi mpaka m'kati. Mabulashi ndi timakala tiwiri tokhudza mkuwa wa kumapeto kwa amecha. Amatha pang'onopang'ono, ndipo akatsala mamilimita 5 kapena 6, kapena akafika pa kamzere kolembedwa pambali, asintheni onse awiri nthawi imodzi. Zizindikiro zake ndi moto wambiri wooneka pa timabowo ta kumbuyo, makina kudukizadukiza, kapena kuyaka pokhapokha mwawagogoda. Mukalekerera, sipuling'i imafika pa mkuwa n'kuukanda, ndiye m'malo mogula timakala mugula amecha. Chizolowezi chosema mabulashi kuchokera ku kala la m'batire la tochi anachitsutsa: kalalo silinapangidwire ntchito imeneyi, limakanda mkuwa ndipo lilibe kawaya kolumikizira. Mkuwa ukada, upukuteni ndi sandipepa yosalala kwambiri, n'kuchotsa zinyalala m'timipata ndi kamtengo kosongoka. Mukaika mabulashi atsopano, makina azungulire opanda ntchito kwa mphindi zingapo kuti akhazikike.

M'kati mwa girayinda ija munali fumbi lachitsulo losakanikirana ndi utuchi, logwirana ngati phala louma. Fumbi lachitsulo limadutsitsa magetsi, utuchi umatseka mpweya. Kupemerera ndi kompuresa kapena pampu ya njinga madzulo alionse kumatenga mphindi ziwiri. M'mutu mwa girayinda muli magiya ofuna girizi, koma osadzaza: theka kapena kupitirirako pang'ono. Wochuluka amatentha n'kutulukira pa shafuti. Phokoso lokhala ngati mchenga ukuperedwa ndiye kuti ndi beringi, isintheni isanagwedeze amecha mpaka kukhuza m'mbali.

Pa sowo yozungulira ya m'manja mfundo zinali zitatu. Tsitsani mpeni kuti pansi pa thabwa pangotuluka osakwana dzino limodzi lathunthu. Chirikizani thabwa moti mbali yodulidwayo igwere kunja, chifukwa mukalichirikiza kumapeto konse kuwiri limapindikira pakati, kupana mpeni, sowo n'kudumphira kumbuyo. N'chifukwa chake simuima kumbuyo kwenikweni kwa mzere wodulira. Ndipo chotchinga cha pansi chija, chomwe ena timachimangirira ndi waya kuti chisativute, chizibwerera chokha. Chikamakakamira, vuto ndi utomoni ndi utuchi, tsukani ndi parafini pulagi ili yozula. Pa dirilo: chotsani kiyi pa chaki, pakamwa pogwira biti paja, musanayatse, panani chitsulo pa vaisi osati ndi phazi, ndipo bowo lalikulu yambani ndi kabiti kakang'ono, pang'onopang'ono, mukudonthezera oilo. Amene muli ndi madirilo a batire, musawasiye pa malata kapena m'galimoto dzuwa la Okutobala, ndipo batire lotentha lizizire kaye musanalitchaje.

Panabuka mtsutso pa magolovesi. Owotcherera ankati ndi ofunika nthawi zonse, akalipentala ankakana. Tinagwirizana kuti pa girayinda ndi ponyamula malata avalidwe achikopa okwana bwino, koma pa dirilo ya pa benchi ndi pa makina opalira ayi, chifukwa chozungulira chikakola nsalu chimakoka dzanja lonse. N'chimodzimodzi malaya a manja olendewera, ndipo amayi anzathu amange chitenje ndi duku zolimba. Magalasi oteteza maso sanakhale nkhani yokambirana. Kachitsulo kakalowa m'diso musatikite, musakatokose ndi machesi kapena kona ya nsalu. Phimbani diso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kakagona kamachita dzimbiri m'disomo. Mnzanu akagwidwa ndi magetsi musamugwire ndi manja: zimitsani pa swichi yaikulu, kapena mukankheni ndi thabwa louma, ndipo apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino.

Pobwerera m'minibasi tinamanga mfundo ziwiri zoti komiti ibweretse ku msonkhano. Yoyamba ndi kusonkha ndalama kuti tigule ma RCD ndi chingwe cha 2.5 pamodzi, popeza kugula rolo yathunthu n'kugawana kumatsika mtengo. Yachiwiri ndi yakuti anzathu a ku Salima adzabwere kuno mvula isanayambe, adzaone mashedi athu mmene alili. Pa msonkhano wa mwezi uno aliyense abwere ndi girayinda yake, gadi yake ngati ikadalipo, sipanala yake ndi madisiki onse amene ali nawo, tidzawerengere limodzi madeti a pa timphete.