Mmene ndinaphunzitsira mnzanga Emacs, mzere umodzi umodzi

Mnyamata wina amene anali atangoyamba kumene ntchito yolemba mapulogalamu m'gulu lathu ankakonda kuima kumbuyo kwanga n'kumangoyang'ana sikirini. Tsiku lina anandiona ndikukonza mizere 40 ya fayilo imodzi osagwira mausi ngakhale kamodzi, ndipo analephera kuugwira mtima. "Achimwene, chimenechi ndi chiyani?" Ndinamuuza kuti ndi Emacs, pulogalamu yolembera ndi kukonzera khodi ndi zolemba zina, ndipo ndinafotokoza mpaka malovu kuuma. Ndakhala nayo zaka zambiri, ndimaikonda, ndipo munthu akangofunsa za iyo mtima wanga umayera.

Chikondi chomwecho ndi chimene chinandilakwitsa poyamba. Ndinatenga fayilo yanga ya init.el, mmene muli zonse zimene ndakhala ndikusintha zaka zonsezi, n'kumukopera pa kompyuta yake. Ndinkati ndikumufupikitsira ulendo. Patadutsa masiku atatu ndinamupeza wabwerera ku pulogalamu yake yakale, akuchita manyazi kundiuza. Emacs inkadandaula ikamatseguka chifukwa fayilo yanga inkafuna zinthu zimene iye analibe, komanso mabatani ena ankachita zosiyana ndi zimene ankawerenga pa intaneti, popeza ine ndinawasintha kalekale. Ndinali nditamuveka malaya osokedwa poyeza thupi langa.

Tinayambiranso. Fayilo ija tinaiika pambali, n'kutsegula ndi emacs -Q, lamulo lotsegula Emacs yopanda zowonjezera za munthu aliyense. Ndinamufotokozera kuti chilembo C chikuimira batani la Ctrl, pamene M ndi Alt. Kenako ndinalemba zinthu zitatu pa kapepala n'kukamata m'munsi mwa sikirini yake: C-x C-s kusunga fayilo, C-x C-c kutuluka, C-g kuletsa chilichonse chimene wayamba mwangozi. C-g ndinaizunguliza ndi cholembera kawiri. Wophunzira akadziwa potulukira, mantha amachepa, ndipo amayamba kuyesa zinthu. Madzulo amenewo ndinamusiya ndi C-h t, phunziro loyambira limene lili mkati mwa Emacs momwemo.

Zala zake zinkathamangirabe ku Ctrl-C ndi Ctrl-V, pomwe mu Emacs timakopera ndi M-w n'kumata ndi C-y. Ndinamuonetsa cua-mode, imene imabwezeretsa mabatani ozolowereka aja. Alipo ena amene amanyansidwa nayo, ati si Emacs yeniyeni. Ine sindigwirizana nawo. Anaigwiritsa ntchito milungu ingapo, kenako anaizimitsa yekha.

Sabata yachiwiri ndi pamene panagona nkhani. Anandifunsa kuti batani lina limachita chiyani, ndipo yankho linali pakamwa, koma ndinalimeza. "Mphwanga, ifunse yokha. Dina C-h k, kenako batanilo." Sikirini inagawika pawiri, m'munsi munatuluka dzina la function (kachidutswa ka khodi kogwira ntchito inayake) imene batanilo limaitana, tanthauzo lake, ndi njira yopita ku khodi yake yeniyeniyo. Anadina, nawerenga. Pamenepo ndinamuuza pang'ono kumene zinachokera. Emacs inayamba mu 1976 ku yunivesite ya MIT ku America ngati gulu la malamulo owonjezera pa pulogalamu yakale yotchedwa TECO, ndipo GNU Emacs, imene Richard Stallman anayambitsa, inatuluka mu 1985. Gawo lalikulu la iyo linalembedwa mu Emacs Lisp, chinenero chomwecho chimene iwe umalembera init.el. Ndiye kuti palibe mpanda pakati pa wopanga ndi wogwiritsa ntchito. Chimene anthu ena analemba kale, iwe ukhoza kuchiwerenga ndi kuchisintha pulogalamuyo ili yotsegula.

Kuti aone ndi maso, tinapita mu *scratch*, malo oyeserera khodi mkati mwa Emacs. Analemba (+ 2 3), nadina C-x C-e, m'munsi munatuluka 5. Sanadabwe kwenikweni. Ndiye ndinati alembe (global-display-line-numbers-mode 1) n'kudinanso chimodzimodzi. Manambala a mizere anaoneka nthawi yomweyo kumanzere, osatseka kapena kutsegulanso kanthu. Anakhala chete, kenako anasintha 1 kukhala -1, manambala aja n'kuzimiririka. Anabwerezanso kachitatu, akumwetulira yekha. Kumwetulira kumeneko ndimakudziwa, chifukwa nanenso kunandigwira tsiku lina.

Tinapangana lamulo limodzi: mzere usalowe mu init.el yake pokhapokha ngati wabadwa ndi chinthu chimene chamutopetsa, ndipo angathe kundifotokozera chimene ukuchita. Lachisanu lililonse tinkakhala limodzi theka la ola. Choyamba kumutopetsa chinali timafayilo tothera ndi ~ timene Emacs imasiya posunga zakale. Anafufuza yekha mpaka anapeza backup-directory-alist, natisonkhanitsa m'foda imodzi.

Lachisanu lina anabwera nkhope itagwa. Emacs inkangoti "End of file during parsing", zosintha zake sizikugwiranso. Ndinaona msanga kuti bulaketi imodzi sinatsekedwe, koma ndinapinda manja kumbuyo. Ichi n'chovuta kwa wophunzitsa, chifukwa zala zimayabwa kuti ulande kiyibodi. Ndinangomufunsa kuti uthengawo ukunena kuti chiyani, ndi kumutchulira M-x check-parens, lamulo lofufuza mabulaketi osatsekedwa. Zinamutengera mphindi khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kuyambira tsiku limenelo uthenga wa vuto sunamuopsenso.

Zina zinabwera mosavuta. Ndinamuonetsa F3 ndi F4, zojambulira zimene zala zachita kuti zibwerezedwe, chinsinsi cha mizere 40 ija. Magit, yogwiritsira ntchito Git mkati mwa Emacs, anaikonda tsiku loyamba lomwe, chifukwa inamuthandiza kumvetsa Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za khodi. Eglot, imene inalowa mu Emacs 29 mu 2023, inamupatsa zomalizitsira khodi zimene ankazisowa. Org mode ya Carsten Dominik, yolembera manotsi ndi ndandanda za ntchito, sinamukope, ndipo ngakhale ine ndimalemba zonse mmenemo, sindinamukakamize.

Mwezi wachinayi anandiitana kuti ndidzaone kanthu. Anali atalemba function ya mizere isanu ndi umodzi yodumphira kuchoka pa fayilo ya khodi kupita pa fayilo ya mayeso ake ndi batani limodzi. Ine zaka zonsezi ndinkachita kufufuza fayiloyo ndi dzina. Ndinapempha kuti anditumizire, ndipo iye anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, mungathe kundifotokozera chimene ikuchita?" Ndinakoka mpando, n'kuiwerenga mokweza mzere ndi mzere, iye akugwedeza mutu. Lero ili mu init.el yanga, pa batani la F6.