Apongozi anga, Rambo ndi 50 tambala

Zonse zinayambira pa chiphaso cha unzika. Mayi a kunyumba anandituma kukachita fotokope chiphaso cha bambo awo, ndipo ndili pamzere maso anga anagwera pa tsiku lobadwa: 6 July 1954. Nditawerengera pa zala ndinapeza kuti mu 2024 akwanitsa zaka 70, tsiku lomwelo Malawi akukwanitsa zaka 60 chilandirire ufulu, ndiponso likhala Loweruka. Mumtima ndinati laponda lamphawi.

Mundimvetse. Zaka 11 ndili mkamwini pakhomo paja, koma apongozi akafuna kunditchula ankangoti "awa". Alamu anga aja anawagulira malata, ena njinga yamoto. Ine ndinalibe za malata, koma ndinali ndi foni, bandulo ndi mutu wa sukulu.

Ndinachezera usiku kufufuza anthu obadwa pa 6 July, ndipo ndinatola zonona. Sylvester Stallone, amene tonse tinkamuonera ku vidiyo sho tikumutcha Rambo, anabadwa pa 6 July 1946, tsiku limodzi ndi chaka chimodzi ndi George W. Bush. Dalai Lama, 1935. Woimba uja 50 Cent, 1975, tsiku lomwe dziko la Comoros linkalandira ufulu wake. Ndinalemba zonse m'kope, n'kupita kwa mnyamata wina wosindikiza zinsalu m'tauni. Ndinamupatsa chithunzi cha apongozi atavala suti yakutchalitchi, Baibulo lili m'manja, n'kumuuza kuti anthu otchukawo awapeze yekha pa intaneti, awaike m'mbali. Chinsalucho anandipatsa chokulungakulunga, ine osachitambasula. Ndinkathamangira minibasi ya ku Dedza.

Tsikulo kunazizira monga mudziwira Dedza mu July. Mbuzi inaphedwa (yogula ine, pa ngongole), mpunga unaphikidwa, thobwa linadzaza ndowa ziwiri. Kunabwera abusa, amfumu, akuluampingo anzawo a apongozi ndi amayi a kutchalitchi atavala yunifolomu. Pamphasa, pafupi ndi moto, panakhala azakhali, mlongo wawo wamkulu wa apongozi, amene khutu limodzi linasiya ntchito kalekale koma pakamwa pali bwinobwino.

Pemphero litatha ndinakodola anyamata awiri kuti atambasule chinsalu pakhoma.

Pakati panali apongozi ndi Baibulo lawo. Kumanja kwawo Rambo, chifuwa pamtunda, kansalu m'mutu, chimfuti m'manja. Kumanzere 50 Cent, nayenso wosavala malaya, thupi lonse zolembalemba, chitcheni m'khosi. Dalai Lama ndi Bush anapanikizidwa m'makona ngati masitampa. Apongozi ankaoneka ngati mkulu wa gulu la achifwamba amene wangolapa kumene, asilikali ake asanamve.

Panali zii. Mayi wina anakoka mpango n'kuphimba maso a mdzukulu wake. Munthu wanzeru akanakhala pansi pomwepo. Ine ndinatenga chimkuzamawu.

"Zikomo abusa, zikomo amfumu, zikomo bambo ndi mayi. Lero ndikufuna mudziwe kuti bambo athuwa sanabadwe okha. Anabadwa tsiku limodzi ndi Rambo!"

Anyamata kumbuyo anaimba mluzu. Azakhali anatembenuza khutu labwino lija. "Ati anabadwa ndi yani? Achimwene si amapasa. Lamboyo ngwa kwa yani?"

Ndinafotokoza kuti ndi wa ku America, wa mafilimu. Ndinalumphira kwa Bush, kuti analamulira America kuyambira 2001 mpaka 2009, koma mkulu wa mpingo wina anafunsa ngati ali yemwe uja wa nkhondo ya ku Iraq, ndipo ndinavomera ndi mawu apansipansi. Dalai Lama ndinamutchula kuti ndi mtsogoleri wa chipembedzo wa ku Tibet amene anathawira ku India mu 1959. Abusa anafunsa kuti wa mpingo uti. Nditati wa Chibuda anangoti "Ehe," n'kuyang'ana nsapato zawo.

Ndiye ndinafika pa 50 Cent. Amalume a akazi anga anaimika dzanja ngati ali pamsonkhano wa makuponi.

"Akamwini, senti si ndi tambala ya kunjako?"

"Tingatero, amalume."

"Ndiye mwasonkhanitsa mudzi wonse kudzatiuza kuti alamu angawa ndi ofanana ndi 50 tambala? Ndalama yosagula ndi chibiriti chomwe?"

Pofuna kumuikira kumbuyo woimbayo, ndinati ndi munthu wolimba, anaomberedwa zipolopolo 9 mu 2000 koma osafa. Amayi a kutchalitchi onse pamodzi anati "Mayo!" Akazi anga anali atayamba kale kundiyang'ana ndi diso lija limatanthauza kuti tikakambirana kunyumba.

Ndinavundukula kope kusaka chinthu choyera. Ndinapeza kuti pa 6 July 1957, John Lennon ndi Paul McCartney a gulu la The Beatles anakumana koyamba pa chisangalalo cha kutchalitchi ku Liverpool. Mawu oti tchalitchi anathandizako, abusa anagwedeza mutu. Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinali nditasungira kumapeto mfundo imene ndinkainyadira kwambiri: kuti pa 6 July 1885, Louis Pasteur wa ku France anabayitsa koyamba katemera wa chiwewe kwa Joseph Meister, kamnyamata ka zaka 9 kolumidwa ndi galu.

Mwa mawu onsewo, khutu la azakhali linatola amodzi okha.

"Ati ndani ali ndi chiwewe?"

Anadzuka ndi ndodo yawo, nabwera mpaka pamene ndinaima. Mdzukulu wina anawafuulira kukhutu kuti nkhani ndi ya anthu obadwa mu July ngati agogo. Azakhali anayang'ana chinsalu, anayang'ana ine, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"July wake uti? Achimwene ndinawabereka kumbuyo ine. Anabadwa mvula ikugwa, ngumbi zikuuluka, amayi akuchokera kopalira. July kumagwa mvula kwanu?"

Maso onse kwa apongozi. Iwo anameza thobwa mosapupuluma, napukuta pakamwa.

"N'zoona," anatero. "Pa kalembera wa ziphaso mu 2017 anandifunsa tsiku lobadwa. Ine ndilidziwira kuti? Kumbuyo kwanga kunali mzere wautali, dzuwa likuswa mtengo. Ndinangotchula tsiku lomwe sindingaliiwale, la ufulu, poti mu 1964 tsiku limenelo tinavina mpaka usiku. Chaka ndiye tinachita kuyerekeza."

Mbuzi inadyedwa yonse, ngongole ndinamaliza kubweza mu October. Chinsalu chija apongozi aakazi amayanikapo ufa, akuti n'cholimba kuposa mphasa, bola achitembenuze kuti amaliseche aja ayang'ane pansi. Ndipo apongozi aamuna anasiya kunditchula kuti "awa". Mvula yoyamba itagwa anaimbira foni mwana wawo, ine ndikumva: "Uwauze a 50 tambala kuti ngumbi zayamba kuuluka kuno. Mbuzi ibwera liti?"